Yankho la madoda a ku holo

Ntchito yofunsa anthu mmene amapumira inagwera ine, munthu amene ndinali nditapuma mpaka kutopa nako. Ndinali nditamaliza koleji, ndikukhala kwa azakhali ku Chifubu, ku Ndola, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kuyang'ana foni ngati yalira. Tsiku lina inaliradi. Mayi wina wa ku Kitwe, mwini kakampani kochita kafukufuku, ankafuna anthu oyenda ndi mapepala kwa milungu ingapo. Atatchula komboni yokagwirako ntchitoyo ndinaseka, chifukwa ndi kumene ndinakulira, ndipo ndi kumene Atate amakhala mpaka lero.

Nkhani yake inali ya holo. M'komboni mwathu muli holo yakale imene a mgodi anamanga kuti anthu akaweruka ku shifiti azikhala ndi kopita. Kale munkachitika madansi, nkhonya ndi kanema. A mgodi atasiya kusamala zotere, holo inatsala m'manja mwa komiti ina. Denga linayamba kudontha, mipando inapita umodzi umodzi kukathandiza pa maliro ndipo yambiri inakhazikika komweko. Kenaka kunapezeka wothandiza amene anati aikonza, koma anafuna kudziwa kaye zimene anthu a m'deralo amakonda kuchita pa nthawi yawo yopuma. Zimene ambiri akanene, holo idzakhala zimenezo. Ikanatha kusanduka malo onyamulira zitsulo ndi kugwiritsa intaneti, kapena kutsala mmene inalili, malo okhala pansi ndi kucheza, itangofoleredwa bwino.

Ofufuza amati usamakhale ndi mbali. Ine mbali ndinali nayo, ndipo inkavala jekete.

Atate anagwira ntchito pansi pa nthaka moyo wawo wonse wa mphamvu. Amayi atamwalira, anakhala miyezi osatuluka pa geti. Ankadya ngati akulipira msonkho, ndipo ukawalankhula ankayankha ndi mutu. Amene anawatulutsa m'nyumba si ife ana awo, si abusa, koma anzawo a ku holo. Awa anali madoda opuma pa ntchito ya mgodi, ambiri a kwathu kum'mawa, a ku Katete, Petauke ndi Chadiza. Ena anali Akatolika, ena a mpingo wathu. Lamulungu ankalambalalana, Lolemba ankakumana pakhonde la holo kusewera nsolo, uja kwina amati bawo, ndi kukangana za mvula ya kumudzi kumene ambiri a iwo anali asanapiteko kwa zaka. M'tauni ya Chibemba, apa pokha ndi pamene Atate ankalankhula chinenero chawo osatsitsa mawu. M'mawa uliwonse ankavala jekete ndi kapusi n'kunyamuka ngati belu la shifiti lalira. Ndinkadziwa, ndipo ndinkaopa, kuti khonde lija likadzachoka Atate adzabwerera pampando wawo wa kuseri kwa nyumba.

Anatiphunzitsa ntchito kunyumba kwa mayi uja, abwana athu, ku Nkana West ku Kitwe, m'galaja imene anaisandutsa ofesi. Abwanawo anali munthu wabwino, wokonda ntchito yake mwina kupitirira muyeso. Anati mafunso ndi amodzimodzi koma njira ndi ziwiri. Ena ayankha papepala, ife titawapeza pakhomo. Ena ayankha pa foni, podina linki imene titumize m'magulu a m'deralo. Pomaliza tidzaphatikiza mayankho onse, komanso tidzaona kuti njira yabwino ndi iti, poti iwo ankafuna kulembapo za zimenezo. Malamulo anali awiri: osalemba dzina la munthu, ndiponso munthu mmodzi, yankho limodzi. Tonse tinagwedeza mitu ngati lamulo lachiwirilo ndi lophweka.

Linki inanyamuka Lolemba m'mawa, ine ndisanatenge n'komwe mapepala anga kwa wosindikiza pafupi ndi msika wa Chisokone. Pamene ndinkakwera minibasi ndi mtolo wanga pamiyendo, iyo inali italowa kale gulu la anyamata a mpira, gulu la achinyamata a kutchalitchi, la ophunzira akale a pasukulu yathu, ndi kwa ometa tsitsi onse a m'komboni. Inalibe miyendo yotopa, agalu sankaiuwa. Msuweni wanga wa ku Lusaka, amene anachoka m'komboni muja akadali wa yunifolomu, anandiimbira monyadira.

"Naiona linki yako," anatero. "Nayankha kawiri, pa foni yanga na pa ya amuna banga, kuti nikuthandize. Manje natumiza na ku gulu ya ku nchito."

Ndinamuthokoza. Ukanatani?

Anthu a pa foni anali ndi moyo wokoma kwambiri. Abwana ankatiwerengera ena mwa mayankho awo tikapita kukasiya mapepala. Ankathamanga m'mawa uliwonse. Ine ndinakulira m'komboni imeneyo, ndipo anthu othamanga amene ndinawaonapo ankathawa mvula kapena kuthamangira minibasi. Ankakondanso kusambira, ngakhale dziwe losambiramo la m'komboni linauma ine ndisanabadwe ndipo masiku ano mumalimidwa chimanga chabwino ndithu. Sindikunena kuti ankanama. Munthu akakhala yekha ndi foni yake, palibe womuyang'ana, amayankha za munthu amene akufuna kudzakhala mwezi wamawa.

Koma ndisanyoze foni ngati pepala linali mngelo. Pepala limalemera, limanyowa, ndipo limafuna munthu amene ali ndi manja opanda ntchito. Mayi woyamba amene ndinamuimitsa pampopi anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Awe mukwai, nshikwete inshita," anatero m'Chibemba, kunena kuti alibe nthawi yoyankha mafunso a nthawi yopuma. Wina anavomera, koma ndinkawerenga mafunso iye akuchapa, mwana ali kumsana, nyemba zili pambaula. Nditafika pa funso lakuti amapuma maola angati pa mlungu, anafinya chitenje n'kunena kuti, "Lembani kuti nikapumula kumanda." Pa fomu panalibe bokosi la zimenezo.

Lamulungu ndinaganiza zochenjera. Ndinapita ndi mapepala kutchalitchi kwathu kuti ndiphe mbalame zambiri anthu akamatuluka. Amayi a mpando wa chigwirizano anadzipereka kundithandiza kutolera, ndipo anaima pakhomo, aliyense akuwapatsira m'manja pepala lake lotsegula. Tsiku limenelo ndinatulukira kuti komboni yathu ndi ya oyera mtima okhaokha. Onse amapuma poimba kwaya ndi kuwerenga Baibulo. Bambo wina, amene mpando wake pamalo ena omwera umadziwika ngakhale ndi ana, analemba kuti nthawi yake yopuma amayendera odwala. Mwina odwalawo amawapeza komweko. Mapepala ena ndinkawasiya pakhomo kuti ndidzatenge mawa, ndipo limodzi ndinakumana nalo pamsika litakulunga zitumbuwa zimene ndinagula ndekha. Linali litayankhidwa theka.

Zonsezi sizinandidetse nkhawa, chifukwa ndinali ndi nkhokwe yanga. Madoda a ku holo ndinawasungira kumapeto. Anali ambiri, anali ndi nthawi, ankadziwa kulemba, ndipo anali ndi chifukwa choyankhira kuposa wina aliyense. Ndinkati ndikangowagawira mapepala ndi mabolopeni, mulu wa oti holo itsale ukwera tsiku limodzi. Sindinkadziwa kuti ndikuwerengera madzi a mphutsi.

Anandilandira mwaulemu woopsa. Anaimitsa nsolo, anandipatsa mpando umene unali ndi miyendo yonse inayi, Atate anakhala cha kumbali ngati sakundidziwa. A tcheya awo, mdala wamtali wa ku Petauke amene kale anali mtsogoleri wa yuniyoni pa shafuti yawo, anandiuza kuti ndifotokoze chimene ndadzera. Ndinafotokoza zonse, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Tamva, mayi," anatero a tcheya. "Nkhani ndi yaikulu. Siyani mapepalawo, tikhala pansi, tidzakuyankhani."

"Zikomo, a tcheya," ndinatero. "Koma aliyense alembe lake. Munthu mmodzi, pepala limodzi."

A tcheya anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana pansi, wina anaseka pang'ono ngati ndanena zachibwana.

"Mwana wanga, zimenezo tinaziona kale," anatero. "Ku mgodi, akafuna kutithyola, ankatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Iwe ukuti bwanji, nanga iwe ukuti bwanji. Woyankha yekha ankachotsedwa yekha. Ife tinaphunzira kuti akafunsa, timatuluka panja, timagwirizana, n'kubwera ndi mawu amodzi. Mawu amodzi amalemera. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Koma kuno sakuyeza kulemera, a tcheya. Akuwerenga mapepala. Mukabweza limodzi, aona munthu mmodzi."

"Aona bwanji mmodzi, ife titasaina tonse?"

"Maina saloledwa."

Apa ndiye ndinaipitsa. Pepala lopanda dzina, kwa iwo, linali ngati kalata yoponyedwa pawindo ndi munthu wamiseche. Ndinayamba kufotokozanso, mawu anga akukwera, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga suchedwa kutentha. Atate analankhula koyamba.

"Iwe," anatero, osakweza mawu. "Akulu ayankha."

Madzulo ake ndinawatsatira kunyumba. Ndinawaphikira tiyi, ndinakhala pansi pamkeka monga ankakhalira Amayi akafuna kupempha chinthu chovuta, n'kutulutsa pepala limodzi m'chikwama.

"Atate, lembani lanu lokha. Palibe adziwe."

"Ndidziwa ine."

"Ndikuchitira inu. Holo ikapita muzikapita kuti?"

"Ndiye ukufuna ndidye ndekha kuseri ngati mfiti? Anthu aja anandinyamula pamene amako anatisiya. Lero ndiyambe kuyankha zanga pambali?" Anakankhira pepalalo kwa ine ndi chala chimodzi. "Usade nkhawa, mayi. Tiyankha bwino. Adzaona okha kuti ayankha ndi anthu."

Anayankhadi bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka. Anachita msonkhano weniweni, umene sunathe tsiku limodzi. Poyamba anatsegula ndi pemphero la Mkatolika, mawa lake la mkulu wa mpingo wathu, kuti pasakhale wodandaula. Funso lililonse linkawerengedwa mokweza, kukambidwa, n'kuvomerezedwa. Ine ndinaloledwa kukhalapo ngati mlendo wopanda mawu. Funso lakuti ndinu mwamuna kapena mkazi linadutsa mosavuta. Pa zaka zakubadwa anakangana pang'ono, n'kugwirizana kulemba kuti onse ndi akuluakulu. Pa funso la zimene amachita popuma panabuka mtsutso waukulu, chifukwa ena ankati nsolo si kupuma, ndi ntchito ya mutu, ndipo amene amati ndi kupuma ndi chifukwa chake amadyedwa tsiku lililonse. Pa malo ang'ono olembapo maganizo ena, alembi awo, amene kale anali kalaliki wa sitolo ya zida, analemba ndi zilembo zopendeka bwino kuti iwo sakukana achinyamata, akungopempha kuti khonde ndi mabenchi ake zisiyidwe, poti ndi pamene amaonerana ngati onse adzuka.

Anandipatsa pepalalo lili m'pulasitiki, kumbuyo kwake atasaina onse, mzere ndi mzere, pansi pake atadinda chidindo cha kabungwe kawo ka maliro. Mapepala ena onse anandibwezera ali oyera, osapindika ngakhale pangodya.

"Awa musunge," anatero alembi. "Mapepala ndi odula masiku ano."

Ndinapita nalo ku Nkana West ndili ndi mkwiyo wosadziwa kuti ndiutulire ndani. Abwana analiwerenga ataima, kenaka anakhala pansi n'kuliwerenganso. Anati m'ntchito yonseyi sanaone pepala loyankhidwa mosamala chotere. Kenaka anatsegula kompyuta, ndipo kompyuta inali ndi mzere umodzi pa pepala lililonse. Madoda onse aja, ndi mapemphero awo awiri, analowa mu mzere umodzi, pansi pa msuweni wanga wa ku Lusaka amene anali ndi iwiri. Masaini anamatidwa ndi pepala lina, poti maina saloledwa.

"Bwererani mukawapemphe," anatero abwana. "Muwauze kuti nawapempha ine."

Ndinabwerera. A tcheya anandimvetsera mwaulemu womwe uja, n'kunena kuti mlandu wogamulidwa saubwereza, ndipo kufunsanso anthu amene ayankha kale ndi kuwauza kuti yankho lawo silinakomere wofunsa. Abwana anachita zimene akanatha. Mu lipoti analemba ndime yathunthu yofotokoza za madodawo, kuti pepala limodzilo likuimira anthu ambiri, ndiponso kuti mayankho ena a pa foni angakhale ochokera kunja kwa dera. Inali ndime yokoma, ndipo inali cha kumapeto. Kutsogolo kunali chithunzi cha mizati, ndipo anthu otanganidwa amakonda zithunzi.

Zotsatira anakazilengeza mu holo momwemo, pakhoma limene kale ankaonetsapo kanema. Madoda anafika oyamba, atavala majekete, n'kukhala kutsogolo. Achinyamata amene anayankha pa foni sanabwere ambiri, mwina anali kothamanga. Pakhoma panaoneka mzati wautali wa ofuna zitsulo ndi intaneti, wina wapakati wa ofuna kwaya, ndi kena kakafupi kumapeto. Abwana anafotokozanso za njira ziwiri zija, kuti foni inabweretsa mayankho ochuluka, mwamsanga, mosaboola m'thumba, pamene pepala linali lochedwa ndipo ambiri sanalibweze. Zonsezo zinali zoona. Anayamba kunena za ndime ija, koma woimira wothandiza anali atayang'ana kale wotchi yake.

A tcheya anakweza dzanja n'kuimirira, kapusi ili m'manja.

"Pepani, mayi. Ife tili pati pamenepo?"

Abwana analoza kamzati kakafupi kaja. Ndinaona kuti dzanja lawo silinafune.

"Tonse?"

"Inde, Atate. Muli mmenemo."

A tcheya anayang'ana kwa kanthawi, anathokoza, n'kukhala pansi. Mwambo utatha madoda anaomba nawo m'manja, chifukwa ndi mmene anthu olemekezeka amachitira pamsonkhano. Ine ndinatuluka msanga kuti Atate asandione nkhope.

Holo anaikonza, ndipo ndisaname, ndi yokongola. Denga silidontha. Achinyamata amabweradi, osati onse amene analonjeza, koma amabwera, ndipo ena a iwo akanakhala ku malo oipa pakadapanda holoyo. Khonde analitseka ndi magalasi kuti muikidwe njinga zija zopalasa osapita kulikonse. Nyimbo zimagunda kuyambira m'mawa, pa geti pali mlonda. Palibe anathamangitsa madoda. Anangopeza kuti pokhala palibe.

Anayesa kusonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa a tcheya, koma kumeneko ndi kumapeto kwa komboni, ndipo miyendo ya ena sifika. Holo inali pakati, aliyense ankaifika. Mvula itayamba anaimitsa kaye, ndipo kaye ameneyo sanathe. Alembi anatengedwa ndi ana awo kupita ku Chingola. Wina anabwerera kumudzi kukaona mvula ija ndi maso ake. A tcheya anayamba kudwaladwala. Masiku ano amakumana pa maliro, ndipo pa maliro sasewera nsolo.

Ine ntchito inandikomera. Abwana anati ndine wakhama ndipo ananditenga kuti ndizigwira nawo nthawi zonse. Mapepala tinawasiya, tsopano ndimakhala pampando n'kumatumiza malinki, nsapato zanga zimakhalitsa. Mchimwene wanga anagulira Atate foni yaikulu yodina pagalasi, kuti asamasungulumwe. Amaisunga m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo amaikoleka kuseri kwa chitseko.

Patapita nthawi, wothandiza uja anafuna kudziwa ngati anthu akukondwera ndi holo yatsopano. Linki yake ndinaikonza ndine, ndinaitumiza ndine, ndipo inafika pa foni ya Atate kudzera m'gulu la kutchalitchi. Loweruka nditapita kukawaona, ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pampando. Anandiuza kuti foni inalira ndipo mwabwera chinthu chimene sakuchimvetsa. Ndinaitenga m'jekete, ndinakhala pambali pawo, n'kuwawerengera. Funso loyamba linali lakuti ndinu wokhutira bwanji ndi holo yatsopano, ndipo pansi pake panali mayankho oti usankhepo, kuyambira wokhutira kwambiri mpaka wosakhutira n'komwe.

"Ndidine pati, Atate? Nenani chilichonse chimene chili mumtima mwanu. Ino ndiilowetsa ndekha."

Anayang'ana mpanda.

"Atseka liti kuyankhako?" anafunsa.

"Pa Friday."

"Isiye kaye, mayi," anatero. "Ndikaonana ndi anzanga tikambirana, ndidzakuuza."

Ndinati chabwino, n'kubweza foni m'thumba la jekete. Lachisanu linafika, linki ndinaitseka ndekha ku ofesi. Mlungu wonsewo Atate anali asanatuluke pa geti.